Kodi Madzi Tiwaweruzire Kuti?

Pa 13 Febuluwale 2023 khamu la anthu linasonkhana ku Mgona, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, pamene a Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti wa dziko lino masiku amenewo, anatsegulira ntchito yotchedwa Tithetse Kolera. Malowo sanasankhidwe mwangozi, pakuti nthendayo inali italowa kolimba m'malokeshoni a anthu osauka. Mliri umenewo unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, nufalikira m'maboma onse, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2023 unali utagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Chifikire nthenda ya kolera m'dziko muno mu 1973, sipanakhale mliri wake wotere. Boma la Lilongwe linaposa ena onse pa chiwerengero cha odwala, ndipo mu Januwale 2023 ana a sukulu a mumzindawu anachedwa kubwerera m'makalasi chifukwa cha nthenda yomweyo.

Chiphunzitso chimene anthu anapatsidwa masiku aja tonse tichikumbukira: sambani m'manja ndi sopo, wiritsani madzi kapena thiranimo klorini, musadzithandize patchire. Mawu awa ndi oona, ndipo ine sindifuna kuchotsapo ngakhale amodzi. Koma mliri utapita kuyenera kukhala pansi ndi kuyesa chiphunzitsocho, pamodzi ndi ntchito zazikulu za madzi zimene mzinda unyadira nazo, kuti tione ngati zikwanira. Ine ndiona kuti ziperewera pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti tazolowera kuweruza madzi pamalo posayenera. Akuluakulu awaweruzira ku damu ndi ku nyumba yoyeretsera. Mayi wa ku Chinsapo awaweruza ndi maso ake ali m'ndowa. Koma madzi apha kapena kuchiritsa ali m'kapu, pa mlomo wa mwana. Pakati pa nyumba yoyeretsera ndi kapuyo pali ulendo wautali, ndipo za ulendo umenewu tinena zochepa ndithu.

Tiyeni tsono tiwatsate madziwo kuyambira kumene achokera. Mtsinje wa Lilongwe utuluka m'mapiri a Dzalanyama, ku malire a dziko lino ndi Mozambique. Cha ku Malingunde unatsekedwa kawiri: damu loyamba la Kamuzu linamangidwa mu 1966, Lilongwe asanakhale likulu la dziko mu 1975, ndipo lachiwiri mu 1989, pambuyo pake khoma la loyamba lija linakwezedwa ndi mamita 7. Kuchokera ku madamu madzi atsika mumtsinje womwewo makilomita ngati 20, kupyola minda, madimba ndi midzi, kufikira ku Area 3, pafupi ndi msewu wa ku Likuni, kumene bungwe la Lilongwe Water Board, lokhazikitsidwa mu 1947, liwapatutsira m'nyumba zake zoyeretsera. Aliyense amene anaimapo pa mlatho wa ku msika waukulu mwezi wa Januwale adziwa maonekedwe a mtsinje umenewu m'dzinja: wofiira ngati katondo. Akale anati walira mvula walira matope, ndipo amisiri a ku Area 3 ndiwo alandira matopewo m'malo mwa ife tonse.

Munthu akhoza kufunsa kuti, Bwanji osangowasiya madziwo akhale m'thanki kufikira matope atsike okha? Mchenga utsikadi msanga, koma dongo losalala silitero. Tizidutswa take n'tating'ono koposa fumbi la ufa woyera, ndipo tonse tili ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi pakhungu pake. Tsono zinthu za mphamvu yofanana zikankhana, kotero kuti tizidutswato sitikhoza kugwirana ndi kulemera, koma tiyandama masiku ambiri, ngakhale masabata. Mzinda sungadikire chotero. Chifukwa chake amisiri athira m'madzi mankhwala otchedwa alamu, kapena ena a mtundu wake, amene ali ndi mphamvu yotsutsana ndi ija ya dongo. Poyamba awavundula kolimba kuti mankhwala afike ponseponse; kenaka awatakasa pang'onopang'ono, ndipo tizidutswa tija, popeza taleka kukankhana, tiyamba kumamatirana ndi kupanga timibulu tooneka ndi maso, monga uchitira mkaka posanduka chambiko. Timibuluto tikalemera titsikira pansi pa mathanki aakulu, titakoka tizilombo tambiri pamodzi ndi dongo, ndipo madzi a pamwamba asefukira m'ngalande atayera.

Ntchito iyi ifuna maso tsiku ndi tsiku, pakuti mtsinje wa lero suli wa dzulo. Alamu akachepa, dongo silitsika. Akachuluka, ndalama zitayika, ndipo madzi asasa pang'ono nayamba kudya mapaipi, kufikira afuna laimu wowabwezera pakati. Nchifukwa chake m'nyumba zotere mupeza mabotolo ali m'ndandanda, lililonse lothiridwa muyeso wakewake, ndi munthu alikupenya kuti muyeso woyenera madzi a tsikulo ndi uti. Pano nkhalango nayo ilowa m'nkhani. Mtengo uliwonse wogwa ku Dzalanyama kuti uotchedwe makala usiya nthaka yopanda chofunda, mvula niikokolola. Matopewo akwirira damu, naonjezera mankhwala amene tigula kunja kwa dziko ndi ndalama zovuta kupeza. Mu 2015 zinthu zinafika poti asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalangoyo. Thumba la makala limene tigula pa msika wa ku Kawale tililipiranso kachiwiri pa bilu ya madzi, ngakhale palibe wolemba zimenezi pa pepalalo.

Ndipatuke pang'ono. Ana a Sande Sukulu adziwa nkhani ya Mose, amene anaponya mtengo m'madzi owawa a ku Mara, madziwo nakhala omweka. Ifenso tili ndi mtengo wokonza madzi, ngakhale ntchito yake ndi ya chilengedwe chabe, ndiwo cham'mwamba, umene ambiri audziwa chifukwa cha ndiwo za masamba ake. Nthanga zake zikasinjidwa zigwiranitsa dongo monga achitira alamu. Mu 1994 akatswiri a ku yunivesite ya Leicester ku England, pamodzi ndi anzawo a ku Polytechnic ya ku Blantyre, anaziyesa pa nyumba yoyeretsera madzi ya ku Thyolo m'nyengo ya dzinja, ndipo madzi a matope anayera bwino lomwe. Koma nthangazo zitsitsa matope, sizitha tizilombo tonse. Wozithira m'ndowa wachita theka la ntchito.

Madzi otuluka m'mathanki otsitsira matope ayendanso kupyola mchenga woyalidwa mochindikala, umene ugwira timibulu totsala; ndipo mchengawo ukatsekeka aupopera madzi kuchokera pansi, kuti litsiro likwere ndi kutayidwa. Musaupeputse mchenga umenewu. Mu 1892 nthenda ya kolera inagwa mumzinda wa Hamburg ku Germany, nipha anthu oposa 8,000. Anthu a ku Hamburg ankamwa madzi a mtsinje wa Elbe osasefa. Mzinda wa Altona unali wogundana nawo, nutunga mumtsinje womwewo, ndiponso kunsi kwake, kumene zonyansa za Hamburg zinali zitalowa kale. Koma a ku Altona ankasefa madzi awo mumchenga, ndipo nthendayo inawakhudza pang'ono. Nyumba zina za m'malire, zimene zinali mbali ya Hamburg koma zolandira madzi a Altona, zinapulumuka pakati pa maliro a anansi awo. Palinso tizilombo tina ta chikopa cholimba timene klorini satigonjetsa msanga, ndipo titsekerezedwa ndi sefa yekha. Totere tinadwalitsa anthu ngati 400,000 mumzinda wa Milwaukee ku America mu 1993.

Chotsiriza ndi klorini, amene mzinda wa Jersey City ku America unayamba kumthira m'madzi ake masiku onse mu 1908, mizinda ina nitsanzira. Klorini akalowa m'madzi asanduka asidi wofooka, amene aboola khungu la tizilombo ndi kuononga za m'kati mwake. Koma msilikali ameneyu sasankha mdani. Alimbana ndi chilichonse chimene akomana nacho, kaya ndi tsamba lovunda, kaya dzimbiri la paipi, mkodzo, kapena litsiro la m'manja, ndipo pa nkhondo iliyonse iye yemwe atha. Ichi ndicho chifukwa chake amthira pomalizira, matope atachoka. M'madzi a matope athera mphamvu pa dongo, tizilombo tili chibisalire m'kati mwa timibulu. Afunanso nthawi yokwana mphindi 30 kuti amalize ntchito, ndipo dzuwa ndi kutentha zimthamangitsa. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lilangiza kuti zitapita mphindi 30 zija patsale klorini wosachepera mamiligalamu 0.5 m'lita iliyonse, ndi kuti pofika pa mpopi wa womwa akhalepobe wosachepera 0.2, pa nthawi ya mliri muyesowo aukweza. Lingalirani kuchepa kwake. M'ndowa ya malita 20, muyeso wa 0.5 ndiwo mamiligalamu 10, osakwana ngakhale kulemera kwa njere imodzi ya mpunga.

Pa zonse zimene ndanenazi ndilibe chotsutsa. Ndi luso lenileni, ndipo mwana wa sukulu wa mumzinda uno akadayenera kupita kukaliona ndi maso kamodzi asanamalize Sitandade 8. Dandaulo langa liyambira pa chipata chotulukira.

Makolo athu pomuka ulendo wapansi ankamanga kamba m'kansalu, chimanga chokazinga kapena mbatata yootcha, woyesedwa ndi kutalika kwa njira. Klorini wotsala uja ndiye kamba wa madzi. Sam'siyamo chifukwa chakuti madziwo akali ndi tizilombo potuluka pa chipata ayi, koma chifukwa cha zimene akakomane nazo panjira. Tsono njira za mumzinda uno sizilingana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu Lilongwe, ndipo mzindawu watambalala kutali ndi kumene mapaipi oyamba anayalidwa. Madzi opita ku Area 25 ndi ku Mgona akankhidwa ndi makina kukwera mtunda, nagona m'mathanki, nayendanso m'mapaipi ofunda ndi dzuwa la Okutobala, ndipo ola lililonse adyako kamba wawo. Wokhala kumapeto kwa paipi alandira madzi okalamba koposa onse, ndipo kawirikawiri ndiye amene nyumba yake yazingidwa ndi zimbudzi zokumba ndi ngalande zosayenda. Kumene chitetezo chifunika kopambana ndi kumene chifika chitachepa.

Chachiwiri n'choopsa koposa, ndipo anthu ambiri sachidziwa. Paipi yodzala ndi madzi opanikizika ikabooka, madzi atumphukira kunja. Titaya chuma, koma litsiro silikhoza kulowa. Bungwe la madzi lakhala likutaya kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi ake osalandirapo ndalama, ena mwa njira ya kudontha kotere, ena mwa kuba ndi mamita olakwa. Koma tsiku limene madzi aleka, kaya magetsi azima, kaya akukonza pena, kaya madziwo angoperewera, paipi ikhuthukira kumunsi, ndipo kumtunda kwake iyamba kuyamwa, monga mwana ayamwa madzi ndi kaphesi ka tsamba la papaya. Bowo lomwe lija limene dzulo linkatulutsa madzi abwino, lero likoka chilichonse chimene chili m'nthaka yolizinga. Mu Julayi 2017 anthu a ku Area 18 anatsegula mipopi yawo, nimutuluka madzi osakanizika ndi zonyansa za m'paipi ya suweji imene inaphulika pafupi ndi paipi ya madzi akumwa. Dziko lonse linamva, ndipo nkhaniyo inafika ku bwalo la milandu. Inamveka chifukwa zonyansazo zinachuluka kufikira kuoneka ndi kununkha, ndiponso chifukwa okhala kumeneko ali ndi mawu ofika patali. Nanga pamene zilowa pang'ono, zosasintha mtundu wa madzi, pa kapaipi kodutsa m'ngalande ku Biwi kapena ku Area 23, adziwa ndani? Pamenepo palibe mlonda wina koma kamba uja, ngati watsalako. Ndipo taonani chimene tichita tonse mpopi ukayamba kutsokomola patapita masiku awiri uli gwa: tithamangira ndi zigubu kutchera madzi oyambirira, amene ali okayikitsa koposa onse. Ndani anatiuzapo kuti oyambawo tichapire kapena kukolopera, akumwa titunge pambuyo?

Tifike tsono pa kiyosiki, pamene mabanja ambiri a ku Chinsapo ndi ku Mgona agula madzi awo. Kuyambira mu 2006 makiyosiki ambiri anaperekedwa m'manja mwa mabungwe a anthu ogwiritsa madziwo, mothandizidwa ndi bungwe la WaterAid, ndipo m'zaka zapitazi kwabwera ena a E-Madzi, otungira ndi khadi pa ola limene munthu afuna. Izi ndi zoyamikika, pakuti kiyosiki yotsekedwa chifukwa cha ngongole ndiyo ituma anthu ku mtsinje. Koma madzi akagwera m'ndowa ulendo wawo sunathe. Ndowayo ili yoyasama; posenza, zala zigwira m'mphepete ndi kuviika m'madzi; ena aikamo masamba kapena pepala la pulasitiki kuti asakhavukire; kunyumba ikhala pakona tsiku lonse, ndipo kapu imodzi, imene yagwa pansi kangapo, ilowamo ndi dzanja la wamkulu ndi la mwana yemwe. Njere ya mpunga ija ingalimbane ndi zonsezi kufikira liti?

Yankho la funso limeneli linapezeka m'dziko mwathu momwe muno. Mu 1993, pa msasa wa Nyamithuthu m'boma la Nsanje, pamene ankakhala abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, akatswiri anaona kuti madzi otuluka pa mijigo anali abwino, koma ofika m'nyumba anali oipa, ndipo choipitsa chinali manja. Mabanja ena anapatsidwa ndowa za malita 20 zokhala ndi chivundikiro chosalola dzanja kulowa, ndi kamlomo kotsanulira. M'ndowa zimenezo tizilombo ta m'chimbudzi tinachepa ndi magawo 69 pa 100, ndipo kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka 5 kunachepa ndi magawo 31 pa 100. Zotsatirazi zinawerengedwa ndi akatswiri a maiko ambiri. Zaka zoposa 30 zapita, koma pitani pa kiyosiki iliyonse m'mawa, muwerenge ndowa zoyasama zimene zili pa mzere.

Kiyosiki ikauma, kapena ndalama ikasowa, patsala chitsime cha kuseri kwa nyumba. Alangizi anena kuti chitsime chitalikirane ndi chimbudzi mamita 30. Koma pa puloti ya ku Mgona, pamene nyumba za lendi zathithikana ndipo puloti iliyonse ili ndi dzenje lake, mamita 30 amenewo muwapeza kuti? Pamene World Bank inavomereza madola 100 miliyoni a ntchito ya madzi ndi ukhondo mu Lilongwe, mu Disembala 2017, anthu ngati 5 okha pa 100 alionse ndiwo anali ndi zimbudzi zolumikizidwa ku mapaipi a suweji; otsala onse zonyansa zawo zilowa m'nthaka imene akhalapo. Dzinja likafika madzi a pansi akwera, nakomana ndi maenje aja. Ndipo pano pali msampha wa chilankhulo chathu chomwe. Nthaka isefa dongo, kotero kuti madzi a m'chitsime chotere atuluka oyera mbee, ozizira bwino, opanda fungo la mankhwala, pamene a mumpopi nthawi zina abwera otuwa ndi onunkha klorini. Ife tili ndi liwu limodzi, lakuti oyera, lonena madzi oonekera pansi ndi madzi opanda nthenda. Mayi akamva pa wailesi kuti imwani madzi oyera, nayang'ana ndowa ziwirizo, asankha iti? Kachilombo ka kolera, kamene Robert Koch anakaonetsa poyera mu 1884, n'kakang'ono kotero kuti tikwi zambiri tikhoza kukhala m'kapu madzi ali mbee.

Apa ndipo ndichipeza cholakwa chiphunzitso cha masiku a mliri. Chinapereka malamulo, koma zifukwa chinasunga. Anthu anauzidwa kuti athire klorini, ndipo alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kugawa wosungunula kale m'mabotolo, ntchito yotopetsa imene inapulumutsa ambiri. Koma munthu wosadziwa kuti klorini atha polimbana ndi matope adzathira muyeso womwewo m'madzi a mumtsinje, nakhulupirira kuti watetezeka. Wosadziwa za mphindi 30 adzathira ndi kumwa pomwepo. Wosadziwa za dzuwa adzasiya botolo lake pa zenera mwezi wathunthu. Ndipo alipo ambiri odana ndi fungo, amene avundukula ndowa usiku wonse kuti fungolo lichoke, osazindikira kuti alikutaya kamba ndi manja awo, ndi kuti kafungo kaja ndiko umboni wokha umene mphuno ya munthu wamba ikhoza kuupeza wakuti mlonda akali moyo. Lamulo lopanda chifukwa anthu alisunga pamene maliro ali pafupi; maliro akatalikira, lamulo liiwalika, ndipo m'malo mwake mulowa mphekesera, monga zija tinazimva zakuti mankhwalawo ndi katemera zili ndi cholinga china.

Za kuwiritsa nazo ndinenepo. Kuwiritsa kupha tizilombo ndithu, ndipo pamene palibe klorini munthu asazengereze. Koma madzi owiritsa alibe kamba ngakhale pang'ono. Akazizira, kapu yakuda imodzi iwabwezera pamene anali. Ndiponso kuwiritsa madzi akumwa a banja lonse tsiku ndi tsiku kufuna makala, ndipo makalawo, monga taona, achokera ku nkhalango yomwe itipatsa mtsinje. Kuuza mzinda wa anthu pafupifupi miliyoni kuti uziwiritsa madzi ndiko kuvomera kuti ntchito imene inachitika bwino ku Area 3 ichitikenso kachiwiri pa mbaula ya wosauka, ndi ndalama zake.

Wina adzati, Kodi mufuna mayi aliyense asanduke katswiri wa mankhwala? Ine nditi ali katswiri kale. Mayi amene adziwa kucheza chidulo ndi kuyesa mphamvu yake pa lilime kuti therere lisaonongeke, amene adziwa masiku oviika mphale ndi kutentha koyenera kuthira chimera m'phala la thobwa, sangalephere kumva kuti mankhwala a m'madzi atha ndi litsiro, nthawi ndi dzuwa. Sitinamuuze chifukwa tinamuyesa wosamva, ndipo kumeneko ndi kulakwa kwa ife ophunzira. Wina adzatinso, Bungwe la madzi lilikuyesetsa: lakweza damu, laonjezera nyumba yoyeretsera yachitatu, lasintha mapaipi akale ambiri, ndipo pali ntchito yokoka madzi ku nyanja kuchokera ku Salima. Zoona, ndipo madzi ochuluka ndiwo mankhwala enieni a paipi yoyamwa ija, pakuti paipi yosauma siyamwa. Koma pa miyambo yotsegulira ntchito zotere timva za mamita a khoma ndi malita a pa tsiku. Sitimva kuti pa kiyosiki yomalizira ya ku Area 25 klorini anali wochuluka bwanji Lachiwiri lapitali. Nambala imeneyo ndiyo ikhudza mwana, ndipo mwini mwanayo saiona.

Ifenso a mumpingo tisaloze ena chala tokha tili chikhalire. Pa misonkhano yathu ya misasa, pa maukwati ndi pa maliro, timaika mgolo wa madzi pansi pa mtengo ndi makapu awiri a anthu mazana, ndipo pena tisambabe m'manja m'beseni limodzi, mkulu poyamba, mwana pomalizira. Mpingo umene ukhoza kugula zokuzira mawu ukhozanso kugula ndowa za mpopi. Amayi a Chigwirizano ndi a mabungwe ena otere, amene afika m'nyumba zimene mlangizi wa boma safikamo, akadakhala aphunzitsi oposa wailesi, akadapatsidwa zifukwa m'malo mwa malamulo okha.

Kuyesa klorini wotsala si ntchito ya makina odula. Pali kam'bulu kotchedwa DPD, kamene ukakaponya m'kabotolo ka madzi, madziwo asanduka ofiirira ngati muli klorini. Ndipo kufiirako akuyerekeza ndi mitundu yojambulidwa pambali, imene ili ndi manambala ake. Ntchito yonse siitha mphindi ziwiri, ndipo wogulitsa madzi pa kiyosiki akhoza kuiphunzira m'mawa umodzi. Chimene ndipempha ndi ichi: pa kiyosiki iliyonse pakhomedwe kabolodi, ndipo m'mawa uliwonse, ndiponso nthawi iliyonse madzi akabwerera atasowa, wogulitsayo ayese pamaso pa amene ali pa mzere, nalembe ndi choko tsiku ndi nambala. Ikakhala 0.2 kapena kuposa, anthu atunge ndi mtima wokhazikika. Ikatsika, wogulitsa athire yekha klorini m'ndowa iliyonse monga mwa muyeso wa alangizi, ndipo mlembi wa bungwe la kiyosikiyo atumize mawu kwa amisiri tsiku lomwelo. Manambala a mwezi wathunthu akaikidwa pamodzi adzasonyeza okha kuti ndi nthambi iti ya paipi imene idontha, ndi thanki iti imene ifuna kuonjezeredwa klorini panjira, pakuti zimenezi zichitika m'mizinda yambiri yotambalala. Ntchitoyi ikayamba, iyambire ku makiyosiki a kumapeto kwa mapaipi, ku Mgona ndi ku Area 25, mwezi wa Okutobala, mvula yoyamba isanagwe.